Amalume a Diyonizio ndi nyenyezi za kudenga

Amalume a Diyonizio tinawaika chilimwe chathachi, mvula yoyamba isanagwe. Anamwalira mwakachetechete atakhala pampando wawo pakhonde, moti mayi wina amene ankapita kumadzi anawapatsa moni kawiri asanazindikire kuti sakumuyankha. Amuna amene ankasambitsa thupi anapeza m'matumba a jekete la malemuwo muli timapepala tonyezimira ta maswiti, topindidwa bwinobwino, tina tosalazidwa kale ndi chikhadabo. Mmodzi wa amunawo anatuluka panja n'kufunsa kuti timapepalato achite nato chiyani. Amayi anga, mlongo wawo wa malemuwo, anatambasula dzanja.

"Bweretsani kuno," anatero. "Achimwene anali atayamba kale kukonzekera Natale."

Kuchokera kumudzi kwathu mpaka ku Fonte Boa panalibe amene sankawadziwa ndi khalidwe limeneli. Munthu wamkulu, waimvi, wamtali ngati mzati, ankatha kuima pakati pa msewu, kuwerama, kutola kapepala kamene mwana wataya, kukapukuta pabuluku n'kukaika m'thumba. Fodya sankasuta, koma ankapempha osuta kuti aziwasungira kapepala kasiliva ka mkati mwa paketi. Anayamba zimenezi adakali ndi mphamvu, nthawi imene ankakhala masabata ku Kalomwe, pamalire, akuwolotsa matumba a mbatatesi panjinga. Anzawo akatsitsa katundu ankathamangira kukamwa tiyi, koma iwo ankazungulira pakati pa malole atayang'ana pansi. Owaseka ankangowayankha kuti Natale, yomwe ena amati Khirisimasi, sibwera modzidzimutsa, tsiku lake timalidziwa chaka chonse, ndiye palibe chifukwa choti ikupeze ulibe kalikonse m'manja.

Zokongoletsera nyumba sanagulepo chikhalire. Sikuti ankaumira, akakolola bwino nsapato za ana ankagula, ndipo mlendo sankachoka pakhomo pawo osadya. Koma ankanena kuti zogula zimachititsa nyumba zonse kufanana, ulowe kwa uyu, ulowe kwa uyo, osadziwa kuti uli kwa yani. Ndiye sabata yomaliza Natale isanafike, ngakhale udzu utakula bwanji m'chimanga, ankaweruka kumunda dzuwa lili pamutu. Ankayamba ndi makoma, kuwapaka njereza ngati ilipo, ngati palibe ankakatapa dothi loyera kudambo. Kenako ankadula nthambi ya mkungudza kumpanda wawo, n'kuiimika m'chitini chodzaza mchenga. Makaderno akale a ana, makope omwe anatha kulembedwa, ankawadula tizingwe n'kumata ndi kaphala ka ufa mpaka unyolo wamapepala utazungulira sala yonse, chipinda chochezeramo alendo. Ukayang'anitsitsa unkatha kuwerenga masamu a mwana wawo Paulo akulendewera pamwamba pa chitseko, zolakwa ndi zokhoza zomwe. Nyenyezi ankazidula pamakatoni, n'kuzikuta ndi timapepala tonyezimira tija, ndipo ulusi wopachikira ankauwombola kumatumba a feteleza.

Chimene ankachisamala koposa chinali khola la Mwana Yesu. Ankaliika pakona, pakameza kakang'ono, pansi pake atayala ndere yomwe ankakasenda pamiyala ya kumtsinje. Anthu ndi ziweto ankaumba ndi mtapo, osawotcha, motero chaka chisanathe zinkagumuka ndipo ankaumbanso zina. Yosefe wawo chaka chilichonse ankafanana ndi munthu wina wa m'mudzi. Ana ankabwera pambuyo pa Misa kudzaona kuti chaka chino wagwidwa ndani, ndipo akazindikira makutu kapena dazi la wina ankatuluka akukuwa. Koma mwana akangoyerekeza kukhudza, amalume ankasintha nkhope. Ankakalipa koopsa, ndipo ana ena amantha sankabweranso. Pambali imeneyi sanali munthu wofewa.

Chaka china akatekisita a kapela yathu, munthu wofatsa koma wokonda zinthu zolongosoka, anabwera kudzaona kholalo. Anaima nthawi yaitali atagwira manja kumbuyo.

"A Diyonizio, nkhumba iyi ikufuna chiyani pano? Ayuda nkhumba sankaweta."

"Nanga ine ndine Myuda?" anayankha amalume. "Mwanayu wabadwira m'nyumba mwanga. Aona zimene zili pakhomo panga."

"Chabwino. Nanga njingayi?"

Pafupi ndi Yosefe panali kanjinga kamawaya, kokhala ndi kaliyala ndi kathumba kumbuyo.

"Mukufuna athawire ku Ejipito wapansi, ndi mayi woti wangochira kumene?"

Akatekisita anati zinthu zopatulika si zoseweretsa, amalume anati iwo sakusewera, ndipo awiriwo sanalankhulane bwino mpaka Pasaka. Chaka chotsatira nkhumba ija inabweranso, itanenepa kuposa ng'ombe.

Koma mkangano wautali unali wa m'nyumba momwemo. Akazi a amalume, amene tonse tinkawatchula kuti aNaphiri, anali munthu wamfupi, wachangu, wosabisa mawu. Kuzira pansi inali ntchito yawo, ndipo ankakulungiza mpaka pansipo pankawala. Kwa iwo ukhondo umenewo unali wokwanira. Zolendewera za amuna awo ankati n'zosonkhanitsa fumbi ndi akangaude, ndipo Januwale akangoyamba ankafunsa tsiku lililonse kuti zitsika liti. Chaka china amalume anatenga kapulana yatsopano ya aNaphiri, nsalu yabuluu, imene anasungira tsiku la Natale, n'kuikhoma kukhoma kuseri kwa khola kuti ikhale thambo. M'mawa wa tsikulo aNaphiri anaifunafuna m'sutikesi, ndipo ataiona kukhoma sanazengereze. Anakwera pampando, kuzula timisomali, kuikutumula, n'kuivala.

"Mwachotsa kumwamba, aNaphiri!" anadandaula amalume.

"Mwana Yesu ali ndi amake," anayankha akumanga m'chiuno. "Amufunditse yawo."

Anapita ku Misa atatsogozana, wina patsogolo wina pambuyo, osalankhulana. Pobwerera anali akuseka.

Chaka chimene ndimachikumbukira kwambiri ndi chomwe aNaphiri anadwala. Anagwa kudimba kumayambiriro a dzinja, ndipo atabwera nawo kuchokera kuchipatala ku Ulongwe mbali ya kumanja inali itafa, pakamwa patapotoka, mawu osatuluka. Nkhumba ndi mbuzi zinagulitsidwa polipirira maulendo ndi mankhwala. Ine ndi amayi anga tinkasinthana kuwasambitsa ndi kuwatembenuza. Ankagona chagada kuchipinda, ndipo wina akalowa ankatseka maso n'kuphimba pakamwa ndi nsalu, ndi dzanja lawo lamoyo lija. Munthu amene ankayankha mudzi wonse tsopano sankafuna kuonedwa. Kenako anayamba kukana chakudya. Ndikawafikitsa supuni ya phala ankaluma mano.

Paulo, amene amagwira ntchito ku Tete, anabwera patchuthi ndipo atamva mmene zinthu zinalili anaitana atate ake ndi amayi anga pakhonde.

"Chaka chatsopano chikangolowa ndiwatenga amayi," anatero. "Kwathu kuli chipatala pafupi, ndipo mkazi wanga aziwasamala. Kuno akutha tikuona."

"Kutentha kwa ku Tete kuja amako sangakupirire," anatero amalume. "Anabadwira m'mphepo muno."

"Nanga njala aipirira, atate? Mwaona mikono yawo?"

Paulo sankalakwa, ndipo amalume ankadziwa. Tonse tinkadziwanso kuti aNaphiri akakwera galimoto imeneyo, kuno adzabwerako m'bokosi.

Palibe amene ankayembekezera zokongoletsa chaka chimenecho. Makoma anali osapakidwa, pansi posazira, ndipo amalume ankangokhala pakhonde. Natale itatsala pang'ono, masana ena ndikulimbana ndi phala lija, analowa kuchipinda. Anakhala pamphasa, kenako anavula chipewa n'kugona chagada pambali pa akazi awo. Anayang'ana kumwamba nthawi yaitali. Inenso ndinakweza maso. Kunali malata adzimbiri, mitanda yakuda ndi mwaye, ndi ukonde wa akangaude.

"Kodi ndi zimenezi mwakhala mukuona masiku onsewa?" anafunsa.

ANaphiri maso anali otseka.

Amalume anadzuka n'kutuluka. Anabwera ndi tsache lomangirira kunsungwi, anatifunditsa nsalu tonse awiri, n'kusesa denga lonse. Mawa lake anabwera ndi mpando, misomali yakale yowongola, ndi chitini chawo cha timapepala. Anayamba kupachika nyenyezi kumitanda, zina pamwamba, zina zotsika kwambiri moti munthu woimirira zinkamugunda pamphumi. Sankakongoletsera oimirira. Akapachika imodzi ankatsika, kugona pamphasa, kuiyang'ana, kenako kukweranso. Ankagwira ntchito akudzilankhulira mokweza, akudandaula za ulusi wowola ndi misomali yopindika, ngati m'chipindamo mulibe wodwala. Khola analiika pathabwa limene analimangirira m'mwamba kukhoma la kumiyendo, kuti munthu wogona alione popanda kudzutsa mutu.

Atamaliza anauza amayi anga kuti tsiku la Natale, pambuyo pa Misa, anthu adzalowa kuchipinda kudzaona.

Amayi anaika pansi lichero limene anali nalo. "Achimwene, mwayamba misala? Kuchipinda kwa makolo ana salowako. Paulo, mwana wamwamuna wandevu zake, alowe kumene mumagona ndi amake? Ndi anthu a m'mudzi omwe? Mukufuna kutilaula?"

"Chimachititsa kuti chikhale chipinda n'chiyani, mlongo wanga?"

"Musandifunse zachibwana."

Amalume analowa m'nyumba, ndipo tinamva kugogoda. Anazula chitseko cha kuchipinda, kuchisenza pamutu, n'kukachitsamiritsa kunkhokwe. Anatulutsa zovala zawo, sutikesi, ndi bulangete lawo, n'kukaziunjika kukhitchini.

"Kuyambira lero iyi ndi sala," anatero. "Ine ndizigona kwina."

Amayi anati mwambo sauzula ndi hamala, n'kunyamuka kupita kwawo.

Ine nkhawa yanga inali ina. Ndinawakokera pambali amalume n'kuwauza kuti aNaphiri safuna kuonedwa, ndipo kuwabweretsera gulu kungakhale kuwachititsa manyazi alibe pothawira. Anandiyang'ana mokwiya, chifukwa sankakonda kuwongoleredwa ndi mphwawo, koma anamva. Anakagwada pamphasa n'kugwira dzanja lamanzere la akazi awo.

"ANaphiri, ndachita izi osakufunsani. Ngati simukufuna, finyani dzanja langali. Ndikatenga chitseko pompano ndipo palibe adzalowe."

Tinadikira. Panja nkhuku zinkatetera, ndipo kamphepo kolowera pakhomo lopanda chitseko lija kankatembenuza nyenyezi pang'onopang'ono. Dzanja silinafinye. ANaphiri anatsegula maso, anawayendetsa denga lonse kuchokera kukhoma ili mpaka ilo, kenako anachotsa nsalu pakamwa. Anavutika, milomo ikunjenjemera, ndipo mawu amene anatuluka anali olemera ngati a munthu amene ali ndi madzi m'kamwa. Amalume anatembenukira kwa ine.

"Akuti chiyani?"

"Akuti yapendama," ndinatero.

Inali nyenyezi yaikulu ya pakati. Amalume anakwera pampando mofulumira ngati mnyamata. "Apa?" Chala cha aNaphiri chinaloza kumanzere. "Apa?" Chinaloza kumanja. Anasuntha, anamasula, anamanganso, thukuta lili kamukamu, chala chija chikungowabweza uku ndi uku. Patapita nthawi ndinayang'ana nkhope ya wodwalayo ndipo ndinaona kuti mbali yamoyo ija ikuseka. Nyenyezi inali itawongoka kalekale. Amalume nawonso ndikhulupirira anadziwa, koma sanatsike mpaka chala chinatopa chokha.

Tsiku la Natale anthu anabwera monga mwa chizolowezi, koma atafika pakhomo la chipinda anaima, wina akukankha mnzake. Woyamba kulowa anali akatekisita aja. Anavula nsapato, anawerama kuzemba nyenyezi, anagwada n'kupereka moni kwa aNaphiri ngati palibe chachilendo. Kenako anakweza maso kukhola.

"Nkhumba yaonda chaka chino, a Diyonizio."

"Yaona mavuto," anayankha amalume.

Anthu anaseka, ndipo amayi a m'kwaya analowa n'kukhala pansi mopanikizana, n'kuyamba nyimbo motsitsa mawu. Paulo anaima pakhomo nyimbo yonse yoyamba, chipewa chili m'manja. Pa yachiwiri analowa n'kukakhala kumiyendo kwa amake. Mayi wina woyandikana nawo anabweretsa mpunga ndi msuzi wa nkhuku, ndipo anali Paulo amene anatenga supuni. ANaphiri anadya pamaso pa anthu onse, msuzi ukutsikira pachibwano, mwana wawo akuwapukuta.

Amayi anga sanalowe. Anakhala pakhonde tsiku lonse, ndipo mpaka lero amanena kuti achimwene awo analakwitsa, kungoti Mulungu anawakomera mtima. Amayi ena achikulire anailankhula nkhaniyi mpaka nthawi yokolola. Koma chaka chatsopano chitalowa Paulo anabwerera ku Tete yekha. ANaphiri anakhalanso ndi moyo zaka zingapo, akuyenda ndi ndodo, akukoka mwendo. Mawu sanabwerere onse, koma okanganirana ndi amuna awo analipo okwanira. Chitseko chija sichinabwezedwenso. Chinathera panja, akuyanikapo nyemba.

Tsiku lina ndinawafunsa amalume kuti zonsezi anaziphunzira kuti. Ndinkaganiza kuti anena za ansembe a ku mishoni. Anati ayi, kunali kothawa nkhondo, kutsidya kwa malire, m'msasa waudzu. Paulo anali wamng'ono ndipo ankalira tsiku lililonse kuti akufuna kwawo. Natale itafika analibe chomupatsa, ndiye anatola kapepala kasiliva pamsewu, kukang'amba ngati nyenyezi, n'kukasomeka kuudzu pamwamba pa mphasa. Mwanayo anatonthola. Ndinadikira kuti apitirize, koma anayamba kundifunsa za mbewu ya nyemba. Za kumeneko sankakonda kukamba.

Ukalamba sunawafewetse. ANaphiri atamwalira, Paulo anawabweretsera timagetsi tamabatire, tothwanima mitundumitundu n'kumaimbanso kanyimbo. Anaganiza kuti atate ake, manja atayamba kunjenjemera, apumuleko kudula makatoni. Amalume analandira ndi manja awiri, anathokoza mwaulemu, n'kukatipachika kunkhokwe. Paulo atafunsa, anati makoswe nawonso ndi zolengedwa, adyeko Natale. Paulo anakhumudwa kwenikweni, ndipo ndikuganiza kuti amalume akanatha kumukomera mtima mwana amene ankangofuna kuwathandiza. Koma iwo anapitiriza kuumba ndi kumata okha, nyenyezi zikutuluka zokhota chaka ndi chaka, mpaka Natale yawo yomaliza.

Sabata yatha ndinapita kunyumba kwawo. Paulo anandisiyira kiyi kuti ndizikayang'anako, poti sanaganize chochita nayo. Njira yolowera yamera chisoso, ndipo mkungudza wa kumpanda, popanda woudula, wafika pazenera n'kutchinga kuwala. M'kati munkanunkha chinyontho. Mu sala msuweni wathu wina anayalamo mbatatesi zambewu, ndipo zatulutsa timphukira toyera tolozera kukhomo. Kukhoma la kum'mawa mvula yalowera pamalata n'kusiya mzere wofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kuchipinda kulibe mphasa, kulibe kalikonse, koma kumitanda kwatsala timaulusi tambirimbiri tolendewera, topanda kanthu kumapeto.

Ndikutuluka ndinamva kukhuluza pakona. Pansi pa kameza kaja ka khola la Mwana Yesu panali nkhuku yaikazi, sindikudziwa ya yani, imene inalowera pabowo la m'munsi mwa chitseko. Inali itafungatira mazira pachithumba chakale, ndipo inandiyang'ana ndi diso limodzi, osasuntha. Ndinaima pang'ono, kenako ndinakatunga madzi m'chigoba n'kuiikira pafupi. Bowo lija ndinabwera ndi maganizo oti ndilitseke ndi njerwa. Ndinalisiya, ndinakhoma chitseko, n'kubwerera mvula isanandipeze.